Bwereza Mpaka

Foniyi si yanga.
Anandisiyira chikole mnyamata wa ku Magawa
amene ndinamupalasa kuchokera pa Kamwendo mpaka kwawo,
titafika n'kuyamba kudzisisita m'matumba.
Miyezi inayi tsopano.
Galasi lake ndi long'aluka pakona
ngati chidendene cha m'chilimwe.

Ndaziona ndiye anatulukira kamasewerako.
Kaloboti kofiira, kopanda pakamwa,
kaima m'bwalo la timabokosi,
kutsidya kuli nyali yozima.
Sukagwira dzanja, sukakankha.
Umakalembera ulendo wonse kasananyamuke:
pita, pita, khotera kumanja, lumpha, yatsa,
kenako udina batani lobiriwira
n'kupinda manja.

Ndinayesako usiku wina ana atagona,
ine wodziwa njira zonse zachidule za ku Mkanda,
wodziwa pamene mchenga umameza tayala.
Kanayenda masitepe atatu
n'kugwera m'dzenje, kali phee.
Ndinakatukwana chapansipansi.

M'mawa mwana anawerenga zimene ndinalemba, n'kuseka.
"Ababa, kanali koyang'anizana nanu,
kumanja kwake n'kumanzere kwanu.
Sikanalakwe. Kachita zimene mwanena."
Zimene ndanena, osati zimene ndimafuna.
Mawu amenewo anandikwera pakaliyala
tsiku lonse, osalipira.

Pa gawo la khumi ndi chiwiri malo olembamo anachepa:
masitepe makumi awiri, mipata isanu yokha.
Ndaziona anapukusa mutu masiku awiri,
mbatata ikuzizira m'mbale,
mpaka anapeza kabokosi koyasama
kamene kamameza malamulo anzake.
Bwereza kanayi.
Bwereza mpaka ufike pakhoma.
Ngati kutsogolo kuli dzenje, lumpha;
apo ayi, pita.
Nyali inayaka. Anadumpha pakhonde
nkhuku n'kubalalika.

Ine ndinangoti duu,
chifukwa mzere umenewo ndinauzindikira.
Dzuka, popa tayala, palasa,
landira, gula ufa wa lero, gona.
Bwereza.
Ngati kwagwa mvula, tsika ukankhe;
apo ayi, palasa.
Zaka khumi ndi zitatu,
ndipo amene anandilembera ulendowu
anaiwala kuikapo mpaka.

Mwana akuti zoterezi zimachitika.
Kaloboti kamangozungulira pamodzimodzi
ngati mbuzi yapachingwe,
foni imatentha, batire n'kutha.
Akuti mankhwala ake si kukalipa
kapena kufufuta zonse,
koma kukayendetsa pang'onopang'ono,
chala chili pamzere,
sitepe imodzi, uone, ina, uone,
kufikira utagwira pamene pabisala cholakwa.
Nthawi zambiri, akutero,
limakhala liwu limodzi lokha
lokhala pamalo pa linzake.

Madzulo aliwonse ndimapatula ndalama yotchajitsira
pa shopu ya a Nagama,
ndalama imene kale inkapita ku kabotolo.
Palibe amene anandiuza. Ndinangosuntha liwu.
Iye ali pa gawo la makumi atatu ndi limodzi,
kumene kaloboti kamaphunzitsidwa kachitidwe kamodzi,
n'kukapatsa dzina,
kuti ukangotchula dzinalo kachite zonse.
Kachitidwe kake koyamba anakatcha Ababa:
pita, pita, pita, puma pang'ono, pita.

Lachitatu lapitali pamsika
ndinamuona mwini foni uja,
atavala jekete yatsopano, akugula chiwaya,
akuyang'anayang'ana ngati wofuna munthu.
Mwina ngongole yanga inali m'thumba mwake.
Miyendo yanga sinandifunse.
Ngati kutsogolo kuli mwini foni,
khotera kumanzere,
dutsa kuseri kwa chigayo.
Ndikudziwa, ameneyo ndi mzere wolakwika,
ndipo Loweruka ndikamufuna ndekha
tikambirane mtengo.

Koma usiku umenewo ndinatola khala
n'kulemba kuseri kwa chitseko,
pamene mayi ake sapenya:
palasa,
bwereza mpaka Ndaziona

Pamenepo khala linathyoka.
M'mawa ndinapeza mwana ataima pachitsekopo,
chala chili pamzere,
akuwerenga pang'onopang'ono.
"Ababa, simunamalize."
Ndinamupatsa chidutswa chotsalacho
n'kupita kukapopa tayala.